Kabyuleta ya Asajeni

Ndine makanika wa mainjini a maboti pa doko la ku Boma, ndipo ndili ndi mtima wapachala. Ku Luangwa kuno palibe amene sadziwa. Ndinakwapulapo munthu ndi chingwe cholizira injini chifukwa anathira petulo wopanda oyilo m'injini imene ndinali nditangoimanga m'mawa womwewo. Sindikunyadira. Ndikungofuna mudziwe kuti amene akulemba izi ndi munthu wotani.

Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi Asajeni. Ndinapita kwa iwo ndili bambo kale, wa ana awiri, ukalaliki utandithera ku Lusaka chifukwa cha pakamwa pangapa. Iwo anali atakhala moyo wawo wonse kwa asilikali a m'mlengalenga, akukonza ndeke. Atapuma, anthu osunga ndeke zakale zankhondo ankawaitana, ena kunja kwa dziko, kuti akadzutse zimene aliyense anali atazilephera. Akamaliza kukonza, ankakwera nawo pa ulendo woyamba. Ankati makanika amene akana kukwera ndeke yokonza yekha mumuyang'ane bwino, akudziwa kanthu. Za m'mwamba sankakamba kawirikawiri. Kamodzi chabe anandiuza kuti anadutsapo pamwamba pa kwathu kuno, naona mitsinje yathu iwiri, Luangwa ndi Zambezi, ili ngati mitsempha ya pa dzanja la nkhalamba, ndipo anafunafuna denga la amayi awo mpaka woyendetsa anakhota asanalipeze.

Maondo atayamba kuvuta anabwerera kwawo, ndipo analowa m'Boma ali pamwamba pa lole. Kumbuyo kwawo kunali injini yozungulira ngati gudumu la ngolo, pulopela ya manja awiri, ndi mphuno ya ndeke yokhala ndi mpando umodzi. Mapiko panalibe, mchira panalibe. Inali ya mtundu wa ndeke imene anayamba kuulukamo ali mnyamata. Anaipeza itatayidwa m'tchire kuseri kwa bwalo la ndeke, mavu atamangamo, ndipo anaipempha. Anthu pamsika anaseka. Wina anafunsa ngati idzawolokera ku Zumbo, tsidya la ku Mozambiki, kukagula mowa. Asajeni anangoti, "Kuuluka siidzaulukanso, ndidziwa. Koma idzalira."

Anaimanga pa mitengo ya mupani m'shedi ya malata kuseri kwa nyumba yawo. M'mawa tinkakonza maboti a asodzi, masana tinkalowa m'shedi. Kachitsulo kalikonse ankakatsuka ndi parafini n'kukayala pa saka yoyera, motsatana ndi mmene kanachokera. Nati iliyonse ankaimanga ndi waya. Masipanala ankapachikidwa pa thabwa, iliyonse pa chithunzi chake chojambulidwa ndi penti, ndipo ankawawerenga tisanayambe ndi tikamaliza. Imodzi ikasowa palibe wopita kwawo. Tsiku lina ndinaponya sipanala pansi nati itakana. Anandiuza kuti ndiitole, ndiipukute, ndiipepese. Ndinawafunsa ngati mutu ukuyenda. Anangoima, manja kumbuyo, kudikira. Ndinaipepesa sipanalayo, ine bambo wa ndevu.

Ndi iwo amene anandiuza kuti m'ndeke zinthu zimakhala ziwiriziwiri, kuti china chikafa m'mwamba chinzake chikufikitse pansi. Mapulagi awiri pa silinda iliyonse, zopereka moto ziwiri. "Koma kabyuleta ndi imodzi chabe, Amakanika, ngati khosi la munthu. Ndipo ya mtundu uwu anasiya kupanga inu musanabadwe." Ankanditcha Amakanika pondiseka, kuyambira ndisanadziwe kumasula pulagi.

Tsopano za amayi anga. Ife kwathu ndi ku Kavalamanja. Nthawi ya nkhondo ya tsidya lija, dziko la Zimbabwe likadali Rodeshiya, ndeke zinabwera n'kuponya mabomba. Ine ndinali ndisanayambe sukulu. Ndimakumbukira fungo, ndi msana wa amayi uli pa nkhope yanga titagona m'mapira. Mlongo wanga wamkulu anali atapita kukatunga madzi. Chimene anakwirira pambuyo pake chinakwana m'chitenje chimodzi. Amayi sanakambepo za tsikulo, ngakhale kamodzi. Atakalamba ndinawatenga kudzakhala nafe ku Boma, nyumba yachitatu kuchokera kwa Asajeni, ndipo mutu wawo unali utayamba kubwerera kumbuyo. Mkazi wanga ankamuitana ndi mayina a anthu amene anafa kale.

Zonsezi ndinkazidziwa. Koma pa tsiku loliza injini sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Linali Loweruka, mu Okutoba, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa malole. Theka la msika linabwera. Asajeni anavala ovolosi yawo yobiriwira n'kukhala pa mpando uja. Wozungulutsa pulopela ndinali ine. Inatsokomola kawiri, inalavula utsi wabuluu, kenaka inagwira. Sindinamvepo chinthu chotero. Malata a shedi ankavina, nkhuku zinalumpha mpanda, fumbi linakwirira aliyense woima kumbuyo. Phokosolo linkamveka m'mimba ndi m'mano. Ine ndinkalumpha ndi kukuwa ngati wopenga. Asajeni anali atatseka maso, dzanja pa chogwirira, milomo ikuyenda.

Mkazi wanga anachita kundikoka malaya, chifukwa mawu ake sankamveka.

Amayi tinawapeza kumtsinje, m'mabango, madzi ali m'chiuno, pamalo pamene ngwena inagwira mayi wina chaka chomwecho. Chitenje chinali chitatsala pa minga m'njira. Pamutu anali atagwirizira chivundikiro cha mphika, ndipo ankaitana mlongo wanga. Nditawagwira anandiluma dzanja. Kenaka anandikokera pansi ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo, akunong'ona, "Gona, gona, zibweranso."

Ndinapita kwa Asajeni buluku likudontha madzi. Anthu anali akadali pomwepo, akuwagwira chanza. Ndinawatukwana pamaso pa onse, mawu amene sindilemba pano. Anandimvetsera mpaka ndinatha.

"Pepani, mwananga. Sindinaganize. Ndidzapita kukawaona."

"Chinthu ichi muchiphwasule."

"Iyayi. Iyi si ya mtundu umene unabwera kwanu. Iyi inali yathu, yophunzitsira."

"Amayi anga awerenga manambala a ndeke? Ali m'madzi muja anayang'ana kuti ndi ya ndani?"

"Ndidzaliza kamodzi chabe pa chaka. Ndidzakuuzani pasadakhale, muwatengere ku Mphuka kwa abale."

"Tiwathamangitsenso kachiwiri, kuti inu musewere?"

Lero ndikuvomera kuti zimene ananenazo zinali zanzeru. Tsikulo sindinkafuna zanzeru.

M'mawa mwake linali Sondo. Iwo ndi akazi awo anapita ku tchalitchi. Kiyi ya shedi ndinali nayo. Ndinadula mawaya bwinobwino, ndinamasula manati ndi masipanala awo omwewo, ndinabwezera sipanala iliyonse pa chithunzi chake. Kabyuleta ndinaikulunga m'saka. Pa doko panali boti limene ndinali nditakonza, choncho palibe anadabwa kundiona ndikuliyesa. Ndinapita pamene Luangwa amathira m'Zambezi, pamene madzi ofiira amayenda pambali pa obiriwira osafuna kusakanikirana, ndipo ndinaiponya. Inamira osachita ngakhale thovu. Ndinabwerera mtima uli mbee, ndipo ndinadya bwino.

Lolemba wokuwa kwambiri ndinali ine. Ndinatukwana ogula zitsulo zakale amene amabwera ndi malole kuchokera ku Lusaka, ndinalumbira kuti wakubayo ndikamugwira ndidzamuthyola zala. Asajeni sanakuwe. Anawerenga masipanala. Anatola kawaya kamodzi pansi, anayang'anitsitsa kumene kanadulidwa, n'kukaika m'thumba la ovolosi.

"Wakuba uyu ndi wophunzira," anatero. "Sanapweteke nati ngakhale imodzi."

Masana omwewo anapita kukaona amayi anga atanyamula nsomba ziwiri za pende. Amayi sanawadziwe, koma nsombazo analandira.

Amayi anamwalira mvula yotsatira, ndi matenda awo a ukalamba. Matabwa a bokosi anapereka ndi Asajeni. Kuyambira pamenepo chifukwa changa chinali m'manda, ndipo chotsala chinali choti ndiwauze mdala uja zimene ndinachita. Mawu ake ndi ochepa: ndinali ine. Ndinakhala nawo m'kamwa zaka zisanu ndi ziwiri.

M'zaka zimenezo analemba makalata kwa anzawo onse a ndeke. Ena anayankha kuti afunafuna, ena anali atafa. Tinayesa kabyuleta ya lole, tinayesa kuphatikiza ziwiri za maboti, ine ndikusula ndi kuwotcherera, thukuta lili kamukamu, ngati munthu wofuna kuthandiza. Injini inkangotsokomola. Loweruka lililonse ankazungulutsa pulopela ndi manja kuti oyilo asagone pansi. Mapewa atakana, ndinkazungulutsa ndine. Tikamaliza ankatulutsa mipando iwiri pansi pa msawu, akazi awo ankabweretsa tiyi, ndipo ankakhala chete, manja pa maondo, akundiyang'ana. Ndinkati ndi ukalamba. Ndinkamwa tiyi akadali wotentha mpaka kupsa lilime, n'kunena kuti pa doko pali ondidikira.

Loweruka lina anayamba okha.

"Kwathu ku ndeke, Amakanika, munthu akagwetsera nati m'injini n'kubwera kudzanena yekha, sitinkamulanga. Tinkamasula injini yonse mpaka tiipeze. Tikamaliza tinkamugulira ndi mowa."

"Nanga akabisa?"

"Ndiye tinkapita kukatola anthu m'tchire."

Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali chakuti, "Mwayi wake maboti sagwa kuchokera kumwamba." Ndinaseka ndekha. Iwo anayang'ana kumtsinje.

Ndinkadziuza kuti ndidzanena akadzachira chifuwa, ndidzanena Khisimisi ikapita. Anamwalira pa kiliniki Lachitatu m'mawa, ine ndili pa doko, ndikukangana ndi munthu za pulagi.

Maliro anali aakulu. Asodzi anabwera ndi mabwato kuchokera ku Mphuka, ku Kavalamanja, ngakhale tsidya la ku Mozambiki, chifukwa panalibe injini pa mtsinjewu imene sinadutse m'manja mwawo. Kuchokera ku Lusaka kunabwera madala awiri a ndeke, ovala majekete ndi mamendulo m'kutentha kumene kuja. Analowa m'shedi, anavula zipewa, mmodzi anasisita pulopela ngati akusisita mwana. Anafunsa ngati ingalire poperekeza mnzawo. Amayi amasiye anati kabyuleta inabedwa kalekale. Mdalayo anapukusa mutu.

"Anakagulitsa pa sikelo ngati mphika wobooka. Sanadziwe chimene wagwira."

Ine ndinali nditaima pambali pake. Ndinkadziwa bwinobwino chimene ndinagwira.

Kwathu kuno munthu amakhala ndi sabwira, bwenzi la pamaliro. Sakhala wachibale. Ndi amene amasambitsa thupi, amatsogolera kumanda, ndipo tsiku loika amavala zovala za womwalirayo n'kumamuyerekeza, mayendedwe, mawu, ngakhale zoipa zake, kuti olira aseke pang'ono. Sabwira amanena chilichonse kwa aliyense. Sayankhidwa mwaukali, sakhudzidwa. Palibe wakuno amene sadziwa zimenezi.

Sabwira wa Asajeni anali msodzi wa ku Mphuka, mdala woonda wa makolo a ku Mozambiki, mnzawo wa paubwana. M'mawa wa tsiku loika anatuluka m'nyumba atavala ovolosi yobiriwira ija ndi magalasi a Asajeni omangidwa ndi waya. Anayenda akukoka mwendo wamanzere, manja kumbuyo. Azimayi anakuwa, ena kulira ena kuseka. Anapita kwa ophika n'kuyamba kuwerenga mithiko. "Umodzi wasowa! Palibe wopita kwawo!" Anauza abusa kuti apepese Baibulo chifukwa analiika pansi. Anafika kwa amayi amasiye n'kufunsa chifukwa chake tiyi wa lero wachedwa, ndipo iwo anaseka misozi ili mbwembwembwe. Mawuwo anali a Asajeni enieni, okhuthala, otsika kumapeto.

Kenaka anatembenukira kumene tinakhala amuna, ndipo anabwera molunjika kwa ine. Anaima pafupi kwambiri moti ndinamva fungo la parafini ndi oyilo la m'nsaluyo. Anapisa m'thumba, anatulutsa kawaya kaja, n'kukaika pa bondo langa.

"Amakanika," anatero. "Paja pokumana madzi, m'pakuya bwanji?"

Amuna anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za maboti. Iye sanaseke. Anaima, manja kumbuyo, kudikira. Dzuwa linkawala pa magalasi moti maso ake sankaoneka. Kunali kungotsegula pakamwa. Ndikanatha ngakhale kunong'ona, palibe wina akanamva.

Ndinadzuka n'kumugwira pa kolala. "Iwe chidakwa cha ku Mphuka, ufuna chiyani kwa ine?"

Mayi wina anati, "Mayo, wagwira sabwira!" Madala a ndeke aja anaimirira. Amalume a mkazi wanga anandimenya pa dzanja ndi ndodo, ndipo ndinasiya. Sabwira anakonza kolala, anandiyang'ana pang'ono, n'kunena ndi mawu akeake a msodzi, motsitsa kuti ndimve ndekha, "Ndafunsa kamodzi, monga anandituma." Anatembenuka n'kupitiriza kwa anthu ena.

Ovolosi ndi magalasi anaziika m'bokosi asanakhomere. Ndinaona ndi maso anga. Kumanda ndinagwira fosholo mpaka manja anatuluka matuza, ndipo palibe anandilankhula. Mlandu wogwira sabwira unatha ndi mbuzi, imene akulu anandiuza kuti ndikapereke ndekha kwa sabwirayo.

Ndinapita nayo patatha sabata. Ndinamupeza pa mthunzi m'mbali mwa mtsinje, akusoka ukonde. Mbuzi anaiyang'ana kamodzi n'kuuza mkazi wake aimangirire.

"Munadziwa bwanji, mdala?"

"Ndinali m'mabango ndi bwato langa, ndikuwonjola. Iwe uyesa pa Sondo aliyense ali ku tchalitchi? Nsomba sizipemphera."

"Munawauza liti?"

"Sindinapite kukawauza. Anabwera okha kuchokera ku Boma, Lachiwiri lake, ndi kawaya kaja. Anati, wadula uyu ndi wanga, ndinamuphunzitsa ndine kudula chonchi. Nditawauza zimene ndinaona, anangofuna kudziwa ngati kabyuletayo ili poti munthu angaivuule. Ndinati paja ngakhale mvuu sifika pansi."

Lachiwiri lake. Ndinakhala pansi pa mchenga. Ndinaganiza za makalata aja, za kabyuleta ya lole, za matabwa a bokosi la amayi.

"Nanga osandifunsa bwanji? Zaka zonsezi! Akanandimenya, akanandipereka ku polisi!"

"Wayambanso kukuwa. Ndinawauza zomwezo. Anati, ndikamufunsa adzakana, ndipo akakana ndiye kuti ndamutaya. Musiye, adzabwera yekha." Anakoka ulusi ndi mano. "Ku kiliniki ndiye anati, nthawi yandithera. Ukadzavala ovolosi yanga ukamufunse, kamodzi chabe. Akavomera umuyankhe."

"Kundiyankha kuti chiyani?"

"Sunavomere."

"Ndivomera manje. Ndinali ine. Ndinamasula ndine, ndinaponya ndine. Mwamva? Kambani zimene anakuuzani."

"Ndamva ine, msodzi. Iwo sanamve."

Ndinamupempha. Ine amene sindinagwadirepo munthu, ndinagwada pa mchenga wotentha uja. Ndinati m'shedi muli ovolosi ina yakale ya Asajeni, ndikatenge, avale, aime chabe monga anaimira tsiku lija, ine ndinene, iye ayankhe. Ndinati palibe adzaona.

Anaika ukonde pansi. "Iwe unapita kusukulu koma ndiwe chitsiru. Uyesa ndi sewero la ku holo? Mawu aja ndinabwereka, ndipo ndinabweza pamene dothi lomaliza linagwa. Ndikawatenganso lero ndiye kuti ndadzutsa munthu amene tinamugoneka bwino. Adzamugonekanso ndani? Iwe?"

"Ndiuzeni ndi mawu anuanu tsono. Anakhululuka kapena sanakhululuke?"

"Yankho linali la munthu wovomera pamaso pawo. Si langa kuti ndigawe." Anatola singano yake. "Gwira uko, ukonde ukukwinyika."

Ndinagwira.

Mvula yagwa kawiri kuchokera pamenepo. Amayi amasiye ndinawauza. Anati ankadziwa, koma zimene amuna awo anasiya kwa sabwira iwo sanauzidwe. Kumanda ndinakanena, masana, mokweza ngati wamisala, ndipo kunali mphepo chabe ndi mbuzi za eni ake. Tsopano ndimapita ku Mphuka kawirikawiri kuposa mmene ntchito imafunira. Ndimati ndabwera kudzaona mainjini a asodzi. Ndimakhala pafupi ndi mdala uja akamasoka, ndimamuyambitsa nkhani za Asajeni, za ubwana wawo, za nthabwala zawo, kuti mwina pofotokoza aiwale, mawu aja atuluke. Iye amadziwa chimene ndikufuna. Akafika pamene Asajeni analankhula, amaima, amatsokomola, n'kunena ndi mawu akeake a msodzi. Chaka chino wayamba kuonda kwambiri, ndipo ukonde amausiya pakati.